Mlandu wa Mabuku Akale

M'mwezi wa October caka ca 2020, mumzinda wa New York, buku limodzi lakale linagulidwa pa okushoni ndi ndalama zotsala pang'ono kukwana madola mamiliyoni 10. Bukulo linali la masewero a William Shakespeare, losindikizidwa ku London m'caka ca 1623, limene Angerezi amalicha First Folio. Mnyamata wa ku Katete amene anatuluka thukuta ndi Macbeth kapena Julius Caesar pokonzekera mayeso, akamva nkhani yotere amagwira pakamwa nati, "Azungu ali ndi ndalama zoseweretsa!" Mnzace amayankha kuti, "Iai, mabuku a Angerezi ndiwo mabuku enieni." Onse awiri aphonya. Ndipo madzulo a tsiku lomwelo, kumudzi kwao kwa anyamatawa, tsamba la buku la Cinyanja losindikizidwa agogo ao akali ana liri kung'ambidwa kuti akulungirepo fodya wa cingambwe.

Pamenepa pali mlandu, koma mlanduwo suli pa nkhalamba yokulunga fodyayo ai. Iyo maso anayamba kale kucita cidima, ndipo kwa iyo pepala ndi pepala basi. Mlandu uli pa ophunzira, amene anakhala zaka khumi ndi ziwiri pa benci ya sukulu, nadziwa kuchula dzina la Shakespeare mwaulemu, koma akaona buku lakale la cinenero cao amati, "Tsobola wakale sawawa." Anthu otere alemekeza cipatso osadziwa m'mene mtengo wace unapulumukira ku lupsa. Akadadziwa mbiri ya mabuku a Angerezi amene amawatamawo, bwenzi akucita manyazi.

Mbiriyo ndi iyi. M'masiku a Shakespeare cinenero ca anthu ophunzira ku England cinali Cilatini. Munthu wofuna kuchedwa wanzeru anali kuwerenga ndi kulemba m'Cilatini, monga momwe munthu wa ku Sinda lero amafunira kumveka m'Cingerezi. Masewero a Cingerezi anali zinthu za pabwalo, zosangalatsa amisiri, amalonda ndi anyamata othawa nchito. Akasindikizidwa anali timabuku ting'onoting'ono topanda cikuto colimba, togulidwa ndi sikisipensi, towerengedwa kamodzi kapena kawiri ndi kutayidwa. Thomas Bodley, amene anakonza nyumba yaikuru ya mabuku ya ku Oxford yochedwa Bodleian, analangiza wosunga mabuku wace kuti asalowetsemo mabuku a masewero, pakuti anawayesa zinyalala zocititsa manyazi nyumba yolemekezeka. Cifukwa ca mtima wotere, masewero ambiri a nthawi imeneyo anatayika, ndipo ena atsala maina okha. Ngakhale Shakespeare mwini wace ali ndi sewero lochedwa Cardenio, limene linaseweredwa m'caka ca 1613, koma lero palibe munthu angathe kuliwerenga.

Shakespeare anamwalira m'caka ca 1616 asanasonkhanitse zolemba zace. Amene anagwira nchitoyo sanali aphunzitsi a ku Oxford kapena nduna za mfumu, koma anzace awiri osewera nao, John Heminges ndi Henry Condell. Iwowa anatolera mapepala, nafunafuna timabuku takale, nasonkhanitsa masewero 36 m'buku limodzi patapita zaka zisanu ndi ziwiri mnzaoyo ali m'manda. Mwa masewero amenewo, 18 anali asanasindikizidwepo n'kale lonse. Pakadapanda anthu awiriwa, Macbeth, The Tempest, Twelfth Night ndi Julius Caesar bwenzi atapita kumene kunapita Cardenio. Ndiye kuti Julius Nyerere, amene anamasulira Julius Caesar m'Ciswahili m'caka ca 1963, sakadakhala ndi kanthu komasulira, ndipo mwana wa sukulu wa ku Chassa sakadamvapo dzina la Brutus. Akuti anasindikiza mabuku ngati 750, ndipo odziwika kuti alipo lero ndi 235.

Tsono nayi nkhani imene wophunzira ali yense ayenera kuisunga pamtima. A ku Bodleian aja, mwini wace atamwalira, analandira First Folio yao m'caka ca 1624, naimangirira ndi unyolo pa alumali monga mwa mwambo wa masiku amenewo. Patapita zaka ngati makumi anai kunaturuka buku lomwelo losindikizidwa kacitatu, looneka bwino ndi lonenepa kuposa loyamba lija. Osunga mabuku anayesa lakalelo lopanda nchito, ndipo linacoka m'nyumbamo. Linasowa zaka zoposa 200. M'caka ca 1905 mnyamata wa banja la a Turbutt anabwera nalo kudzafunsa za cikuto cace, ndipo akuluakulu atalipenda anazindikira kuti ndi lao lomwe lija. Kuti libwerere pamalo pace anacita kupemphetsa ndalama kwa anthu, nalipira mapaundi 3,000 m'caka ca 1906, pamene poyamba buku lotere linali kugulidwa ndi paundi imodzi kapena kucepera. Anthu ophunzira kwambiri a dziko lao anacita cimodzimodzi ndi mphunzitsi wa ku Vubwi amene, mabuku atsopano akafika pasukulu, amaturutsa akale onse kuti ana akakolezere moto wa phala.

Nkhani zina nzomvetsa cisoni koposa. Kumanenedwa kuti John Warburton, munthu wokonda zakale amene anamwalira m'caka ca 1759, anasonkhanitsa masewero olembedwa pamanja okwana ngati makumi asanu, nawasiya mosasamala, ndipo wophika wace anawatha onse kupatula atatu, ena kukolezera moto, ena kuyala pansi pa zophika. Ndakatulo za Thomas Traherne, mbusa amene anamwalira m'caka ca 1674, zinakhala zosadziwika kufikira munthu wina anazipeza pa mulu wa mabuku otsika mtengo m'mseu wa London, ndipo zinasindikizidwa m'caka ca 1903; buku lace lina linacita kulanditsidwa pa dzala loyaka moto. Ndakatulo yakale kwambiri ya Angerezi, Beowulf, inatsala m'buku limodzi lokha, ndipo nalonso linawauka m'mbali nyumba yosungiramo itapsa m'caka ca 1731. Ulemerero wonse umene ana a sukulu amauona pa mabuku a Angerezi unadutsa pa ulalo wa bango.

Nanga Cinyanja ciri ndi ciani cofanana ndi zimenezi? Wonyoza amafunsa motero poyesa kuti yankho palibe. Yankho liripo, ndipo ndi lalitali. M'caka ca 1853, kufupi ndi Mombasa, mmishoni Johannes Rebmann anakomana ndi munthu wochedwa Salimini, amene anagwidwa ukapolo m'dziko la Acewa, ndipo mau amene Salimini anamuuza anasanduka buku lomasulira mau limene linasindikizidwa m'caka ca 1877. M'menemo muli Cicewa ca munthu amene anacoka kwao Azungu asanamange sukulu ngakhale imodzi. David Clement Scott wa ku Blantyre anaturutsa buku lace lalikuru la mau a Cimang'anja m'caka ca 1892. Buku Lopatulika lathunthu linaturuka m'caka ca 1922. Ndipo m'caka ca 1933 Samuel Ntara, mphunzitsi wa ku Nkhoma, anaona buku lace Nthondo litasindikizidwa, litapambana pa mpikisano wa olemba m'zinenero za mu Africa. Caka cotsatira T. Cullen Young analimasulira m'Cingerezi nalicha Man of Africa. Apa ndiye kuti Angerezi ndiwo anacita kubwereka kwa Mcewa. Ntara yemweyo analembanso Mbiri ya Acewa, buku limene akatswiri a mbiri ya ufumu wa Undi sanathe kulilambalala, kotero kuti linamasuliridwa m'Cingerezi ndi kusindikizidwa ku Germany m'caka ca 1973.

Mabuku amenewa sanathere ku Nyasaland. Malire a Azungu sanadule cinenero pakati. Amishoni a Dutch atafika ku Magwero m'caka ca 1899, namanga Madzimoyo m'caka ca 1903, Nyanje m'caka ca 1905 ndi Nsadzu m'caka ca 1908, anaphunzitsa ana ndi mabuku a Cinyanja, ambiri ocokera ku makina a ku Nkhoma. Ansembe a Cikatolika ndi a Anglican nawonso anali ndi akatekisimu, mabuku a nyimbo ndi timabuku tophunzitsira kuwerenga. M'caka ca 1948 kunakhazikitsidwa ku Lusaka Bungwe la Mabuku la Northern Rhodesia ndi Nyasaland, ndipo m'zaka za Bungweli ndi pambuyo pace pang'ono anthu anawerenga Kazitape la E. W. Chafulumira, Ukawamba la Lester Nkomba, Za Acewa la E. B. Mwale, Maliro ndi Miyambo ya Acewa la Archibald Makumbi ndi Kukula ndi Mwambo la John Gwengwe. Panalinso manyuzipepala: Mutende, imene inayamba m'caka ca 1936, Nkhani za Kum'mawa, ndi Tsopano dziko litalandira ufulu. Zonsezi zinalowa m'midzi ya Kawaza, ya Mbang'ombe, ya Kathumba, ya Nyanje ndi ya Pembamoyo m'matumba a aphunzitsi, a alaliki ndi a anthu obwerera kucokera ku migodi. Zinali zotsika mtengo, za mapepala osalimba, zolumikizidwa ndi tiwaya tiwiri timene timacita dzimbiri. Kunena mwacidule, zinali monga timabuku ta sikisipensi tija ta ku London, ndipo zikutha monga tinathera ito.

Ophunzira ali ndi zifukwa zao zodzikanira, ndipo nkoyenera kuzimva cimodzi cimodzi.

Coyamba amati, "Bukulo analisindikizanso, lakale nlanji?" Awa ndiwo mau amene anataitsa a ku Oxford mapaundi 3,000. Buku likamasindikizidwa kaciwiri ndi kacitatu limadutsa m'manja ambiri, ndipo dzanja liri lonse limasiyapo cizindikiro. Wina amakonza kalembedwe, wina amacotsa mau amene ayesa acikale, wina amafupikitsa kuti likwane pa mtengo wa sukulu. M'Cinyanja nkhaniyi njaikuru koposa. Dziko la Malawi litasintha dzina la cinenero kukhala Chichewa m'caka ca 1968, kunabwera malamulo atsopano a kalembedwe, ndipo mabuku osindikizidwanso kumeneko anabvekedwa malaya ena, pamene Zambia inatsata njira yace. Wofuna kudziwa m'mene mlembi analembera ndi dzanja lace, mau amene anasankha ndi amene sanawadziwe nkomwe, ayenera kupita ku buku loyamba. Akale anati kandimverere anakanena za m'maluwa. Buku losindikizidwa kacisanu ndi kandimverere.

Caciwiri amati, "Zonse ziri pa foni." Bodza limeneli lafala ngati cimfine. Pa intaneti pamafika cinthu cokhaco cimene munthu wina anacigwira m'manja, nacitsegula, nacijambula tsamba ndi tsamba. First Folio iri pa intaneti cifukwa inayamba yasungidwa zaka 400 pa alumali. Kabuku kophunzitsira kuwerenga kamene ciswe cinakadya m'denga la nyumba ya mlaliki sikadzaoneka pa foni ya munthu ali yense, ngakhale foniyo ikhale ya mtengo wa ng'ombe ziwiri.

Cacitatu ncolemera, ndipo siciyenera kuyankhidwa mwacipongwe. Amati mabukuwa ndi a nthawi ya utsamunda. Amishoni anawapima asanawasindikize, ndipo ena amanyoza Gule Wamkulu ndi cinamwali nazicha za mdima. Zimenezi nzoona. Ngakhale Nthondo ndi nkhani ya munthu amene mathero ace ndi kutembenuka mtima, monga anafunira eni makina. Koma kodi munthu amaotcha mboni cifukwa siimukonda? Pabwalo la mfumu amamvera ndi mdani yemwe, popeza m'mau ace mumagwa zinthu zimene iye mwini sanafune kuziulula. Mpwitikizi Antonio Gamitto anadutsa m'dziko la Amaravi ndi Acewa m'zaka za 1831 ndi 1832 pa ulendo wocokera ku Tete kupita kwa Kazembe, ndipo buku lace linasindikizidwa ku Lisbon m'caka ca 1854. Analemba ndi maso a mlendo wodzikuza, komabe m'buku limenelo muli za ulamuliro wa Undi, za kusula zitsulo, za maliro ndi zobvala, Angoni asanaoloke Zambezi. Amene amasonkhana ku Mkaika m'mwezi wa August pa mwambo wa Kulamba ali ndi cifukwa cofunira buku lotere. Gule amene mabuku ena akale anamunyoza, bungwe la UNESCO linamulemekeza m'caka ca 2005. Ndipo wofuna kudziwa kutalika kwa ulendo umene guleyo anayenda ayenera kuwerenga cinyozo cija m'mau ace enieni.

Cacinai amati nzeru za Acewa ziri m'kamwa mwa akulu, siziri m'mapepala. Bwino. Koma akulu amene Ntara ndi Makumbi anawafunsa anagona kalekale, ndipo pakamwa pao patsala m'mapepala omwewo.

Komabe munthu asayese kuti zonse zocita osonkhanitsa mabuku a ku England ndi America nzoyenera kutsanzira. M'nchito imeneyi muli nthenda yace, ndiyo umbombo. Henry Clay Folger, mkuru wa kampani ya mafuta ya Standard Oil ku New York, anatha moyo wace ndi cuma cace akugula mabuku a Shakespeare pamodzi ndi mkazi wace Emily. Ndi iye amene anafuna kulanda buku la ku Bodleian lija, nakweza mtengo wace. Kabuku kamodzi kokha kotsala ka Titus Andronicus ka m'caka ca 1594 katapezeka ku Sweden m'caka ca 1904, anakagula ndi mapaundi 2,000. Zaka zambiri mabuku ace anali m'mabokosi otsekedwa m'nyumba zosungiramo katundu, ndipo ophunzira ofuna kuwaona anali kubwerera manja ali m'khosi. Cimene cinamuombola ncakuti potsiriza anamanga nyumba ya mabuku ku Washington, imene inatsegulidwa m'caka ca 1932 iye atamwalira kale, ndipo m'menemo muli ma First Folio 82. Kukhala kwao pamodzi kunathandiza akatswiri kuwalinganiza ndi kuona kuti amasiyana m'malo ambiri, popeza osindikiza anali kukonza zolakwa makina ali kuyenda. Koma ma okushoni a masiku ano, kumene buku limagulidwa monga munthu agulira golide, kuti likagone m'cipinda cacitsulo kudikira mtengo kukwera, alibe phunziro labwino kwa munthu wa ku Katete. Buku losawerengedwa lasiyana pang'ono pokha ndi buku lodyedwa ndi ciswe. Woyenera kutsanzira ndi Heminges ndi Condell, amene anatolera mapepala a mnzao pamene panalibe wowapatsa mtengo.

Cifukwa cace mnyamata amene, atamva za madola mamiliyoni aja, athamangira kukapsitsa m'bokosi la agogo kuti akagulitse kwa mlendo woyamba wofika ndi galimoto, nayenso ali ndi mlandu. Mabuku ambiri a Cinyanja akale amapezeka mosabvuta ku London, m'nyumba ya mabuku ya sukulu ya SOAS, kuposa m'maboma amene anawerengedwamo. Nkwabwino kuti anasungidwa kumeneko. Koma mphunzitsi wa ku Nyanje sangakwere basi kupita ku London. Ku Lusaka kuli nyumba ya National Archives, imene mwa lamulo iyenera kulandira buku liri lonse losindikizidwa m'Zambia, koma nayonso siingasunge cimene siinalandire, ndipo zambiri za amishoni zinasindikizidwa kunja kwa malire. Fodya wako ndi amene ali pamphuno.

Nchito yace siifuna digiri kapena cuma. Ifuna munthu wodziwa kuwerenga ndi waulemu, wofika kwa mkazi wamasiye wa mphunzitsi kapena kwa mkuru wa mpingo, nakhala pansi, napempha kuona za m'bokosi. Asanyoze kanthu: buku la nyimbo lothothoka cikuto, katekisimu, kabuku ka zaulimi kapena ka zaukhondo, nyuzipepala yoyalidwa pansi pa sutukesi, ngakhale kope limene mlaliki analembamo maina a obatizidwa. Ayambe wayang'ana kuseri kwa tsamba loyamba, kumene kumalembedwa caka ndi malo osindikizira, ndiponso ngati bukulo linasindikizidwa koyamba kapena kacingati. Dzina la mwini wace ndi timau tolembedwa m'mphepete asazifute, pakuti nthawi zina izo nzamtengo kuposa buku lomwe. Zimanena amene anawerenga, kumene anali, ndi pamene anatsutsana ndi mlembi. Mwini wace akakana kupereka, ali ndi ufulu. Pamenepo foni ija igwire nchito yace yoyenera, yojambula masamba onse kuyambira pa cikuto.

Adani a pepala m'dziko la kum'mawa ndi odziwika: ciswe, mphemvu, makoswe, cinyontho ca dzinja ndi utsi wa m'khicini. Bokosi lacitsulo loikidwa pamwamba pa njerwa, kutali ndi cipupa, limagonjetsa ambiri a iwo. Thumba la pulasitiki lomanga zolimba limasunga cinyezi mkati ndi kuumbitsa nkhungu. Tsamba long'ambika lisamatidwe ndi selotepi, cifukwa guluu wace amadya pepala nasiya banga lofiira losacoka. Tiwaya tadzimbiri ticotsedwe mosamala ndipo masamba amangidwe ndi ulusi. M'mwezi wa June kapena July, mpweya ukauma, mabuku aturutsidwe apitidwe mphepo pamthunzi, osati padzuwa.

Ndipo atasonkhanitsidwa asabisidwe. Sinda ndi Vubwi anakhala maboma paokha m'caka ca 2012, ndipo boma latsopano limayamba ndi maofesi, misika ndi miseu. Za mabuku zimatsalira. Koma sukulu za sekondale ziripo, mipingo iripo, mabwalo a mafumu alipo. Kabati imodzi yokhala ndi loko, ndi kope lolembamo dzina la buku, caka cace, mudzi umene linacokera ndi banja limene linapereka, nzokwanira poyambira. Kope laciwiri la mndandandawo litumizidwe ku Lusaka, kuti a ku National Archives ndi a ku University of Zambia adziwe cimene ciri ku Katete cimene iwo alibe, ndi kubwera kudzacijambula kabati ikali pamalo pace.